Muzu Suyenera Kutchedwa Mankhwala Usanayesedwe

Nkhani ya mankhwala azitsamba yagawa anthu pawiri. Ena, makamaka amene anaponda m'kalasi, amati zonse za asing'anga ndi zachikunja ndi zaumbuli. Ena amati chilichonse chochokera m'tchire n'chabwino chifukwa n'chachilengedwe, ndipo kuchipititsa kukayesedwa n'kunyoza makolo. Magulu onse awiriwa asokera, ndipo kusokera kwawo kwataya chuma ndi miyoyo. Zitsamba za dziko lino ziyenera kufufuzidwa mwasayansi, ndipo ofufuzawo akhale Amalawi eni ake.

Onyoza zitsamba ayambe amva mbiri ya kombe. Alenje a Chimang'anja a kuchigwa cha Shire ankasinja njere za chomera choyanga chotchedwa kombe n'kupaka pa mivi yawo. Nyama yolasidwa ndi muvi wotere sinkapita patali. John Kirk, dotolo amene anatsagana ndi David Livingstone pa ulendo umene unayamba mu 1858, anasunga kombe m'thumba mmene munalinso mswachi wake. Atatsuka m'kamwa anamva kuwawa, kenaka anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Njere zija zinawoloka nyanja. Ku Edinburgh, Thomas Fraser anazifufuza kwa zaka zambiri, ndipo mu 1885 analengeza kuti mphamvu ya m'njerezo, imene anaitcha strophanthin, ikhoza kuthandiza odwala mtima. Posakhalitsa kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inayamba kugulitsa mankhwalawo, pamene anthu a kuno ankangotola njere n'kulandira timakobiri. Dzina la Fraser lili m'mabuku a zachipatala. La mlenje amene anatulukira mphamvu ya kombe palibe analilemba. Nzeru inali ya kuno, koma phindu linatsata amene anali ndi sikelo.

Tsono otamanda zitsamba mwachimbulimbuli asafulumire kuomba m'manja, pakuti mbiri yomweyi ikuwatsutsa. Kombe anali poizoni wopha njati. Chimene chinamusandutsa mankhwala ndi muyeso: dontho lowerengedwa bwino linkalimbitsa mtima, lopitirira linkauimitsa. Dzina la Kabwazi, m'boma la Dedza, limakumbutsa munthu za bwazi, mtengo wa maluwa ofiirira umene luzi lake ankalukira maukonde. Muzu wa bwazi ukaufukula umanunkhira ngati mafuta opaka pa minofu yowawa, chifukwa muli mphamvu imene ili pachibale ndi asipulini. N'chifukwa chake asing'anga a m'maiko ambiri a mu Africa amachizira nawo mutu ndi nyamakazi. Koma muzu womwewo unaphapo anthu amene anaugwiritsa ntchito mosayenera. Nanga amene amauza wodwala kuti amwe chikho chimodzi m'mawa ndi china madzulo amadziwa bwanji kuchuluka kwa mphamvu imene ili m'chikhomo? Muzu wokumbidwa m'dzinja sufanana ndi wam'chilimwe. Wa mtengo waung'ono sufanana ndi wa mtengo wokhwima, ndipo wa pa nthaka ya katondo umasiyana ndi wakudambo. Chikho n'chimodzi, koma mphamvu yake lero ndi ina, mawa ndi ina.

Anamwino a m'zipinda za amayi oyembekezera amaudziwa bwino mwanamphepo, mankhwala amene amayi ena amamwa kuti matenda ayambe msanga. Vuto lake silakuti sagwira ntchito ayi. Amagwira mopitirira muyeso: chiberekero chimakoka mwamphamvu njira isanatseguke, mwina mpaka kung'ambika, mayi ndi mwana n'kukhala pakati pa moyo ndi imfa. Dziko lino silinaiwalenso za mchape wa mu 1995, pamene khwimbi la anthu linakhamukira ku Machinga kukamwa madzi a makungwa kwa Billy Goodson Chisupe, amene ankati analota mankhwala a Edzi. Anthu anamwa, nabwerera kwawo, koma maliro sanaleke. Chimene chinachepetsa imfa ndi ma ARV, amene anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004. Safunsa anadya phula.

Njira yoyenera inaoneka ku China. Gulu lotsogozedwa ndi mayi Tu Youyou linasanthula njira zamakolo zochizira zoposa 2,000 pofunafuna mankhwala a malungo. Chitsamba chotchedwa Artemisia annua chinkagwira ntchito nthawi zina, nthawi zina ayi. Buku lina lakalekale linawatsegula maso kuti kuwiritsa kumaononga mphamvu yake. Atasintha katapidwe, mu 1971 anapeza madzi amene anapha tizirombo ta malungo mu mbewa ndi anyani, ndipo asanapatse odwala anayamba amwa okha. Mayiyu analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Mapiritsi a LA, amene Malawi anayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, anachokera pa kafukufuku ameneyu. Mwana wa pa Kabwazi akachira malungo ndi LA, wachira ndi chitsamba, koma chitsamba chodziwika muyeso wake.

Ntchito imeneyi ili ndi ndondomeko. Poyamba chomera chimazindikiridwa bwinobwino, poti dzina limodzi limatha kuimira mitengo yosiyana m'maboma osiyana. Kenaka akatswiri amatapa mphamvu zake n'kuzilekanitsa kuti adziwe imene ikuchiza ndi imene ikuononga chiwindi kapena impso. Amayesa m'labotale, pa nyama, pa anthu ochepa ovomera mwaufulu, kenaka pa anthu ambiri. Pomaliza amapanga piritsi limene mphamvu yake ndi yofanana kulikonse, nalemba muyeso wa mwana ndi wa wamkulu komanso tsiku limene mankhwalawo adzathere ntchito. Ndi ulendo wa zaka zambiri, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Alipo amene amati dziko losauka silingakwanitse zoterezi. Koma maziko alipo kale. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens, kumene kumasungidwa zitsanzo za zomera. Jessie Williamson analemba za zomera zothandiza za dziko lino mu 1955, ndipo Brian Morris anasindikiza Chewa Medical Botany mu 1996. Sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences imaphunzitsa akatswiri a zamankhwala, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lili ndi udindo woyang'anira mankhwala. Chosowa ndi ndalama za kafukufuku ndiponso kulimba mtima koletsa ogulitsa timabotolo tolembedwa kuti timachiza matenda makumi awiri.

Asing'anga nawo ali ndi dandaulo lomveka: akaulula chinsinsi chawo adzaberedwa monga anaberedwa alenje a kombe. Yankho lake si kubisa, poti sing'anga akamwalira ndi chinsinsi chake mtundu wonse waluza. Yankho ndi pangano lolembedwa. Anthu a mtundu wa San ku South Africa anadandaula pamene bungwe la CSIR linalembetsa umwini pa mphamvu ya chomera cha hoodia, ndipo mu 2003 anasainirana pangano logawana phindu. Mgwirizano wa maiko wa Nagoya wa mu 2010 umanenanso kuti eni nzeru ayenera kupemphedwa chilolezo ndi kulandira gawo lawo.

Nthawi ikutha. Nkhalango za Dzalanyama ndi Chongoni zikuphwetekera m'mauvuni a makala, ndipo okalamba odziwa kusiyanitsa muwawani ndi naphini akupita mmodzimmodzi. Wophunzira amene akulimbana ndi Biology ndi Chemistry lero ndiye angakhale pansi ndi agogo ake, kulemba zimene akudziwa, n'kudzaziyesa pa sikelo. Akapanda kutero, adzabwera wina wochokera kutali, adzatola njere, ndipo zidzukulu za eni mtengo zidzagula mankhwalawo pa mtengo wokwera.