"Ndamusiyira dala": bodza limeneli latikwana

Asisi, Loweruka ndinali ku Lisungwi, ku Neno, komwe kunali kampikisano ka chess ka anthu ongosewera mokonda. Mtsikana wa Fomu 2 anakumana ndi bambo wina wandevu zake. Pokhala pansi bamboyo akuti: "Iwe, mbale watsuka?" Mwana osayankha. Anapereka bishop dala, bambo n'kudya akumwetulira, osaona kuti atsegula njira ya queen. Posakhalitsa, checkmate.

Mwambo wa chess ndi woti gemu ikatha mumagwirana chanza. Bambo aja anangodzuka, dzanja m'thumba: "Ndamusiyira dala." Anzawo n'kuseka, nkhani n'kuthera pompo.

Koma chandiwawa kwambiri si chimenecho ayi. Gemu yomaliza mtsikanayu sanasewere. Dzuwa linali litapendeka, kunyumba kukudikira madzi, nkhuni ndi nsima. Wosabwera pabolodi amawerengedwa kuti waluza, ndiye analuza. Tsiku lonse palibe anamugonjetsa. Inamugonjetsa ndi ndowa.

Ndiye wina azitiuza kuti akazi mutu wa chess tilibe? Judit Polgár wa ku Hungary anakhala grandmaster mu 1991 ali ndi zaka 15, ndipo mu 2002 anagonjetsa Garry Kasparov. Phiona Mutesi anaphunzirira chess ku Katwe, dera losauka la mu Kampala, mpaka kukaimira Uganda kunja. Konkuno, Susan Namangale anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Chess Association of Malawi mu 2018. Amenewanso anawasiyira dala?

Chess imafuna nthawi: kukhala pansi maola, kuluza, kubwereza. Mnyamata akaweruka kusukulu, masana onse ndi ake. Pitani pa bawo pamsika uliwonse muwerenge akazi amene akhala pamenepo. Si kuti sangathe. Ali kumjigo.

Okonza mipikisano, yambani m'mawa, gemu yomaliza ithe kukadali kowala, ndipo ganizirani za thiransipoti ya atsikana ochokera kutali. Wonyoza mnzake pabolodi adzudzulidwe pomwepo, osati kumusekerera. Makolo, mchimwene wake manja ali nawo, ndowa angasenze.

Ndipo inu bambo, mwana anakudyani bwinobwino anthu akuona. Kuluza si imfa. Perekani dzanja.

Asisi, inu munasiyira chiyani panjira chifukwa cha ntchito zapakhomo? Tiuzeni m'munsimu.