Choko si ngongole ya mphunzitsi

Ku Mbaha, m'mbali mwa nyanja m'boma la Nyasa ku Tanzania, malipiro a mphunzitsi amafika m'manja mwake atabudulidwa kale. Bungwe lotolera msonkho la TRA latengapo gawo lake. Thumba la penshoni la PSSSF latenga 5 pa 100 iliyonse, inshuwaransi ya zaumoyo ya NHIF yatenga 3, bungwe la aphunzitsi la CWT latenga 2, ndipo amene adaphunzira ndi ngongole ya boma amadulidwanso 15. Zonsezi zimalembedwa pa pepala la malipiro. Pali kudula kwina kumene sikulembedwa paliponse: choko chikatha teremu ili pakati, mapepala a mayeso akafuna kuchulukitsidwa, mwana wa msodzi akabwera wopanda kope chifukwa usipa sunaphedwe, mphunzitsi ndiye amapisa m'thumba.

Alipo amene akuti mankhwala a vutoli ndi kutengera za ku America, kumene kuyambira 2002 mphunzitsi amaloledwa kuchotsa madola 250 pa ndalama zimene boma limawerengerapo msonkho, ndipo mu 2022 malirewo adakwera kufika pa 300. Maganizowa ali ndi poyambira pabwino. Wamalonda wa ku Mbamba Bay akagula mafuta a boti kapena kulipira lendi ya sitolo, lamulo la msonkho la 2004 limamulola kuchotsa zimenezo asanawerengere phindu lake. Wolembedwa ntchito alibe mwayi wotere. Chotero mphunzitsi amakhomera msonkho ngakhale pa ndalama zimene wagulira ana a eni zolembera. Kumeneko ndi kukondera, ndipo palibe angakutsuke.

Komabe chilango chikakhala chachikulu, kuchichepetsa pang'ono si chilungamo. Masamu ake ndi osavuta. Ku Tanzania mashilingi 270,000 oyambirira pa mwezi sakhomeredwa msonkho. Kuchokera pamenepo mpaka 520,000 msonkho ndi 8 pa 100, ndipo kupitirira apo mpaka 760,000 ndi 20 pa 100. Mphunzitsi wa m'gawo lachitatuli atagula zipangizo za mashilingi 50,000, lamulo longa la ku America lingamubwezere 10,000 basi. Zotsalazo, 40,000, zapita. Mnzake wa malipiro ochepa angabwezeredwe 4,000. Mphunzitsi wongodzipereka, amene amalandira kangachepe kosonkhedwa ndi makolo, sangaone ngakhale shilingi imodzi, pakuti sakhoma msonkho n'komwe. Lamulo lotere limapatsa zambiri kwa wolandira zambiri, n'kumana amene akuvutikitsitsa.

Palinso nkhani ya malisiti. Wotolera msonkho sakhulupirira mawu apakamwa. Amafuna lisiti lotuluka m'makina. Kagolosale ka m'mudzi wa kunyanja, kumene mphunzitsi amagulako cholembera chofiira, sikapereka lisiti lotero. Kodi akwere galimoto kupita ku Mbamba Bay, kapena akwere mapiri a Amatengo mpaka ku Mbinga, mtunda wa makilomita 66 kuchokera padoko, kuti akapeze pepala lomubwezera ndalama zosakwana mtengo wa ulendowo?

Choopsa chenicheni chili apa: boma likalemba m'lamulo kuti mphunzitsi wogula choko achepetseredwe msonkho, ndiye kuti lavomereza kuti kugula choko ndi udindo wa mphunzitsi. Namwino wa pachipatala sauzidwa kuti agule jakisoni ndi ndalama zake kenaka akadandaule kwa otolera msonkho. Msilikali sagula zipolopolo. N'chifukwa chiyani kalasi yokha ndiyo iyenera kuyendera chifundo cha wantchito?

Mwini ngongoleyi amadziwika. Mu 2002, pamene Tanzania idachotsa fizi ku pulayimale, boma lidalonjeza kupereka madola 10 pa mwana aliyense pa chaka, ndalama zogulira mabuku ndi zipangizo. Nthawi imeneyo madola 10 anali pafupifupi mashilingi 10,000. Kwa zaka zambiri chiwerengero cha 10,000 chidangoima pomwepo pamene shilingi inkagwa, moti lero ndalamazo sizikwana ngakhale madola 5. Pa ndalama zomwezo, 4,000 zimatsala kulikulu kuti zigulire mabuku, ndipo kusukulu kumafika 6,000 zokha. Mu Januwale 2016, boma la John Magufuli litakhazikitsa maphunziro aulere mpaka Fomu 4 ndi kuletsa zopereka zokakamiza, ana adakhamukira kusukulu. Chimenecho chinali chinthu chabwino. Koma walira mvula walira matope: wolonjeza sukulu yaulere walonjezanso choko, bolodi ndi mapepala.

A ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, tsidya lina la nyanja yomweyi, nkhaniyi si yachilendo kwa iwo, pakuti Malawi idayamba pulayimale yaulere mu 1994. A ku Chipata nawonso aona makalasi akusefukira kuyambira 2022, pamene Zambia idachotsa fizi mpaka Giredi 12. Kulikonse kumene ndalama za boma zaperewera, dzenjelo amalikwirira ndi malipiro a mphunzitsi, mwakachetechete.

Zofunika kuchita ndi ziwiri. Choyamba, ndalama za pa mwana aliyense zikwezedwe molingana ndi mitengo ya zinthu, ndipo zizifika ku akaunti ya sukulu nthawi yake. Chachiwiri, mphunzitsi akagula chinthu chofunika m'kalasi, mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu atsimikize, ndipo abwezeredwe ndalama zonse mwezi womwewo, osati kachigawo chabe. Bungwe la CWT, limene limadya 2 pa 100 mwezi ndi mwezi, ndilo liyenera kutsogolera pempholi ku Dodoma, ndipo phungu wa Nyasa alinene m'Nyumba ya Malamulo. Kuchepetsa msonkho kungabwere pambuyo ngati chowonjezera. Kukabwera patsogolo, mphunzitsi wa ku Mbaha adzapitiriza kugulira boma choko, ndipo boma lidzanena kuti lamuthandiza.