Kusefa zolembedwa za maphunziro a Montessori

Njira ya Montessori inabadwira pakati pa anthu osauka a ku San Lorenzo, mumzinda wa Rome ku Italy. Pa 6 Januwale 1907, dokotala wamkazi Maria Montessori anatsegula kumeneko Casa dei Bambini, kutanthauza nyumba ya ana, n'kusonkhanitsa tiana timene tinkangoswera m'makonde makolo akapita kuntchito. Anaikamo timipando ndi timatebulo ta msinkhu wawo, zipangizo n'kuziyala poti mwana aliyense azifikire. Mwana ankasankha yekha chochita. Ankaphunzira zilembo pozisisita ndi chala pa sandipepa, ndipo mphunzitsi ankachepetsa pakamwa n'kuchulutsa maso. Lero zolembedwa za njirayi n'zambirimbiri, koma mankhusu ndi mphale zili m'lichero limodzi, moti wofufuza amayamba ndi kupeta.

Poyambira ndi mabuku a mwiniwake. Loyamba linatuluka m'Chitaliyana mu 1909, ndipo mu 1912 Anne George analimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti The Montessori Method. M'bukumo mayiyo sabisa kuti nzeru zina anazitapa kwa madokotala awiri a ku France, Jean Itard ndi Édouard Séguin, amene ankaphunzitsa ana olumala, choncho wofuna mizu ya nkhaniyi ayenera kuwawerenga nawonso. Mabuku am'mbuyo mwake ndiwo amafuna tcheru. Ambiri sanachite kulembedwa pa desiki, anachokera m'zokamba zimene ophunzira ankalemba iye akuphunzitsa. The Absorbent Mind la mu 1949 linachokera m'maphunziro amene anachititsa ku India, kumene anakhala kuyambira 1939 mpaka 1946. Ankayankhula Chitaliyana, mwana wake Mario n'kumamasulira. Mawu oyenda m'manja mwa anthu atatu chonchi safika onse, n'chifukwa chake wofufuza wosamala amalemba chaka ndi womasulira wa buku limene wagwira.

Mbiri ya moyo wake inalembedwa ndi anthu a mitima yosiyana. E. M. Standing, amene buku lake linatuluka mu 1957, anali mnzake komanso womutsatira, ndipo analemba motamanda. Rita Kramer mu 1976 anakumba mozama, mpaka kufika pa nkhani zimene otsatira ankazilambalala: za Mario, amene anabadwa mu 1898 mayi ake asali pabanja n'kukaleredwa kwina, ndi za zaka zimene Montessori anayendera limodzi ndi boma la Mussolini asanakhulane nalo. Owerenga Standing yekha amatuluka ndi chithunzi cha woyera mtima. Kramer ndiye amaonetsa munthu.

Otsutsa nawo ali ndi malo awo. Mu 1914 William Heard Kilpatrick wa ku Teachers College ku New York, wophunzira wa John Dewey, anatulutsa kabuku kakuti The Montessori System Examined, n'kunena kuti maganizo a mayiyo pa kakulidwe ka mwana anali achikale. Kabukuko kanathandiza kuzimitsa moto wa Montessori ku America, ndipo unadzakolezedwanso ndi Nancy McCormick Rambusch, amene anatsegula Whitby School mu 1958 n'kukhazikitsa American Montessori Society mu 1960. Bungwe limeneli silinachedwe kusemphana ndi Association Montessori Internationale, limene Montessori mwini analiyambitsa ku Denmark mu 1929 ndipo likulu lake lili ku Amsterdam, m'nyumba imene ankakhala asanamwalire mu 1952. Makalata ndi zolemba zake zambiri zimasungidwa kumeneko, pamene zina zili ku Opera Nazionale Montessori ku Rome. Magazini a mabungwewa ndi nkhokwe yabwino, kungoti aliyense amakokera kwake.

Vuto lalikulu lagona pa dzina. Mu 1967 akuluakulu oona za zizindikiro zamalonda ku America anagamula kuti dzina la Montessori lilibe mwini, ndipo m'maiko ambiri aliyense angathe kulilemba pa chikwangwani cha sukulu yamkaka ngakhale mkatimo ana akungoloweza zapabolodi. Kalembera wa mu 2022 anawerengera sukulu zoposa 15,000 m'maiko oposa 150. Choncho kafukufuku akanena kuti ana a Montessori anakhoza bwino, funso loyamba n'lakuti: Montessori yake iti? Kodi aphunzitsi anaphunzira kuti, ana a zaka zosiyana ankakhala kalasi imodzi, nanga ankapatsidwa maola atatu ogwira ntchito osadulidwa? Funso lachiwiri n'la makolo. Amene amasankha sukulu zotere nthawi zambiri ndi opeza bwino, ndiye mwana akachita bwino sizidziwika ngati chamuthandiza ndi kalasi kapena kunyumba.

Angeline Lillard ndi Nicole Else-Quest anapeza pozembera msampha umenewu. Ku Milwaukee kunali sukulu yaboma ya Montessori imene inkatenga ana pochita mayere. Iwo anayerekeza ana amene mayere anawagwera ndi amene anawaphonya, onse ochokera kwa makolo amene ankafuna sukuluyo, ndipo zotsatira zinatuluka m'magazini ya Science mu 2006. Ana a zaka 5 a Montessori anaposa anzawo pa kuwerenga, masamu ndi kakhalidwe ndi anzawo, pamene a zaka 12 analemba nkhani zaluso kwambiri. Komatu ana onse anali 112 okha, sukulu yake imodzi, ndipo Lillard ndi wokonda njirayi wodziwika, mwana wa Paula Polk Lillard amene analembanso mabuku a Montessori. Mu 2023 Justus Randolph ndi anzake anasanthula pamodzi kafukufuku 32 n'kupeza kuti phindu lilipo ndithu, pa maphunziro ndi pa khalidwe, koma n'lapakatikati. Wambiri mwa kafukufukuyo anachitikira ku America ndi ku Ulaya.