Tisanasaine fomu iliyonse, tifunse mwini ndalama

Anzathu a pa Boma, pa Chitakale, ku Likhubula, pa Chisitu, pa Nkando, pa Limbuli ndi ku Muloza,

Masabata apitawa m'magulu athu a WhatsApp mwakhala mukuzungulira mavoisi onena kuti anthu a kafukufuku amene amayenda ndi matabuleti m'midzi muno ndi akazitape, komanso kuti ndalama zina za masikolashipu ndi mawekishopu zimachokera kwa asilikali akunja. Ena mwa ife akungoseka, ati ndi nkhani za anthu osowa chochita. Ena akuti aliyense wobwera ndi fomu tizimuthamangitsa. Ife monga gulu sitili mbali ya osekawo, ndipo mbali ya othamangitsawo sitiliko ngakhale pang'ono. Werengani mpaka kumapeto musanatumize kwina.

Zoti ndalama za akazitape zimatha kudzera m'mathumba a maphunziro si nkhani yopeka pa bawo ayi. Zinachitikapo, ndipo zina zinachitikira kummwera kwa Africa konkuno.

Craig Williamson anali wophunzira pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, ndipo anakwera mpaka kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa NUSAS, bungwe la ophunzira lomwe linkadziwika ndi kutsutsa tsankho. Mu 1977 anatuluka m'dzikomo ngati munthu wothawa apolisi, n'kukalowa ntchito ku International University Exchange Fund ku Geneva. Thumba limeneli linkalandira ndalama makamaka kumaboma a mayiko a Scandinavia, ndipo linkalipirira sukulu achinyamata othawa kwawo. Williamson anakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mkulu wa thumbalo. Tangoganizani zimene zinkadutsa patebulo pake: mayina a ophunzira, kumene akukhala, ndi amene akulandira thandizo mobisa mkati mwa South Africa. Mu Januwale 1980 zinaululika kuti nthawi yonseyi mkuluyu anali wapolisi wa nthambi ya chitetezo ya boma la tsankho. Thumbalo silinachedwe kutha. Pa 17 Ogasiti 1982, Ruth First anatsegula phukusi muofesi yake pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo, bomba n'kuphulika, n'kumupha. Patapita zaka Williamson anavomera kuti anatengapo mbali, anapempha chikhululukiro ku komiti ya choonadi ndi chiyanjano ya dziko lake, ndipo mu 2000 anamupatsa.

Chachiwiri ndi International Freedom Foundation. Ili linali bungwe la kafukufuku ndi upangiri wa mfundo, aja amati think tank, lomwe linatsegulidwa ku Washington mu 1986 motsogozedwa ndi Jack Abramoff. Linkasindikiza magazini, kuchititsa misonkhano ya anthu a masuti, kutsutsa zoti boma la tsankho lipatsidwe zilango za chuma, ndi kufalitsa kuti ANC ndi gulu la zigawenga. Mu 1995 nyuzipepala ya Newsday inaulula kuti nthambi ya akazitape a asilikali a South Africa ndiyo inkalithira ndalama, mpaka madola 1.5 miliyoni pachaka, kufikira 1992. Akuluakulu ambiri amene mayina awo ankaoneka pamakalata a bungweli anati iwo sankadziwa kanthu.

Mwina wina akuti za ku Washington zikutikhudza bwanji ife a kuno kunsi kwa phiri. Funsani agogo anu a ku Muloza. Nthambi yomweyo ya akazitape a asilikali ndi imene inatenga Renamo m'manja mwa akazitape a Rhodesia mu 1980, n'kumaipatsa mfuti ndi mawailesi. Zikalata zimene zinapezeka ku Gorongosa mu 1985 zinaonetsa kuti thandizoli silinasiye ngakhale pambuyo pa pangano la Nkomati la 1984. Mu 1986 tawuni ya Milange inagwera m'manja mwa Renamo, anthu n'kuwoloka malire ndi mitolo pamutu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, othawa nkhondo a ku Mozambique m'Malawi muno anafika pafupifupi miliyoni imodzi, ena a iwo anagawana minda ndi zitsime ndi makolo athu. Ndiye kuti ofesi imodzi inkalipira mfuti zimene zinkalira kutsidya kwa Muloza, n'kumalipiranso anthu ophunzira oti aziyeretsa dzina la boma lake kunja.

Kwinanso zinaliko. Msonkhano wa olemba mabuku a mu Africa umene unachitikira ku Makerere mu 1962, komwe kunali Chinua Achebe ndi Wole Soyinka, unalipiridwa ndi Congress for Cultural Freedom. Pofika 1967 dziko lonse linali litadziwa kuti bungweli linkalandira ndalama za CIA kudzera m'mathumba ongokhala chophimba, monga Farfield Foundation. Mu 1964 asilikali a America anayambitsa Project Camelot kudzera pa American University, kafukufuku wofuna kudziwiratu chimene chimautsa anthu kuti aukire boma. Nkhani itatulukira ku Chile anthu anakwiya, ndipo ntchitoyo inathetsedwa mu 1965.

Taonani chimene chikufanana m'nkhani zonsezi. Ogwira ntchito ambiri anali anthu abwinobwino, ophunzira amene analandira sikolashipu anaphunziradi, olemba analembadi mabuku awo. Chimene chinabisika ndi mwini ndalama, ndipo chinabisika zaka zambiri chifukwa wolandira thandizo amachita manyazi kufunsa. Yerekezani ndi Minerva, ndondomeko imene unduna wa za chitetezo wa America unayambitsa mu 2008 yolipirira kafukufuku wa m'mayunivesite. Imeneyo inalengezedwa poyera, moti wosafuna ndalama za asilikali ankatha kukana akudziwa chimene akukana. Ndalama yobisika imakulanda mwayi wokanawo.

Kuno kwathu makutu a boma m'makalasi si achilendo. Pa 12 Febuluwale 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College kukamufunsa za chitsanzo chimene anapereka pophunzitsa, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi ku Egypt. Mawu a m'kalasi anakafika bwanji kupolisi? Aphunzitsi ananyanyala ntchito miyezi yambiri pofuna ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Chaka chomwecho, pa 24 Sepitembala, Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, anapezeka atafa pasukulupo. Apolisi anati wadzipha. Komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Justice Andrew Nyirenda inapeza mu 2012 kuti anachita kuphedwa, ndipo inamvanso umboni woti iye ndi anzake anali atakambiranapo ndi apolisi zothandiza kuziziritsa zionetsero za pa 17 Ogasiti, pali ndalama pakati, kenako n'kusemphana. Chasowa anali wa msinkhu wathu womwewu. Ndalama ya a chitetezo ikalowa m'gulu la achinyamata, wovulala amakhala wachinyamatayo.

Tsono tiyeni tinene zathu mosabisa. Ambiri mwa ife tili ndi madigiri osungidwa m'sutikesi. Ganyu amene amabwera pafupipafupi kwa munthu wa digiri kuno ku Mulanje ndi wotolera data: tabuleti m'manja, milungu iwiri kapena itatu, alawansi ya tsiku. Ndife timalowa m'nyumba za azakhali athu, chifukwa ife amatidziwa ndipo amatitsegulira. Ndife timalemba mayina, manambala a foni, kukula kwa munda, GPS ya khomo, nthawi zina mpaka mmene munthu amaonera boma komanso ngati angapite kuzionetsero. Kuchokera pamene namondwe wa Freddy anatisakaza mu Malichi 2023, ndi midzi ingati imene sinaonepo fomu? Nkhani ya miyala ya m'phiri, bauxite wa ku Lichenya ndi miyala ya ku Chambe, nayo imakoka maso a anthu akutali. Mawekishopu a achinyamata nawo amayamba ndi pepala loyenda m'mizere: dzina, foni, nambala ya chiphaso, gulu limene ukuimira, udindo wako. Tikasaina timalandira ya transipoti, basi. Pepala lija likapita kuti, amaliona ndani, amalisunga zaka zingati, palibe amafunsa. Pamenepo ndiye kuti mndandanda wa atsogoleri a zionetsero tawulemba tokha, ndi bolopeni yathu.

Sitikuneneza yunivesite iliyonse, thumba lililonse kapena bungwe lililonse lomwe likugwira ntchito m'boma lino. Kafukufuku timamufuna. Popanda iye sitingadziwe kuchuluka kwa ana onyentchera, mphamvu ya mankhwala a malungo, kapena malo amene madzi adzasefukirenso. Ndipo ife a ku Mulanje tikudziwa bwino kuposa wina aliyense kumene mphekesera zimathera. Mu Sepitembala 2017 nkhani ya anamapopa inabuka kuno ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera athu, magalimoto a zaumoyo ankagendedwa, odwala n'kumavutika. Palibe dontho la magazi opopedwa limene linapezeka. Aliyense wotumiza voisi yoti uje ndi kazitape popanda umboni akusewera ndi moto womwe uja. Komanso musaiwale kuti njira yachidule yophwasulira gulu ngati lathu ndi kutichititsa kuti tizilozana zala tokhatokha. Amene akufuna tithe safunika kutimanga, angoponya dzina limodzi m'gulu usiku n'kukagona.

Choncho njira yathu ndi ya mafunso ndi mapepala. Safunsa anadya phula. Kuyambira lero tagwirizana izi:

1. Gulu lino silidzalandira ndalama, maphunziro, mafoni kapena ma bundle kuchokera kwa aliyense amene sakufuna kulemba papepala dzina la mwini ndalama weniweni. Akati ndalama zachokera kuthumba lakuti, tifunsanso kuti thumbalo linazitenga kuti. Chilichonse chimene talandira chizilengezedwa kwa mamembala onse, ndi kuchuluka kwake.

2. Mndandanda wa mamembala supita kwa munthu wakunja, kaya ndi pulofesa, kaya ndi bwana wa bungwe. Pawekishopu lembani zanu zokha. Wofuna kudziwa atsogoleri athu, malo amene timakumana ndi mmene timaitanirana, muuzeni alembe kalata.

3. Amene mwapeza ganyu wotolera data, kagwireni, njala si m'bale. Koma musanayambe funsani zinthu zitatu: akulipira kafukufukuyu ndani, kalata ya chilolezo ili kuti, ndipo mayankho akasungidwa kuti. Kafukufuku wokhudza anthu m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga za pansi pa National Commission for Science and Technology kapena za m'mayunivesite. Wa kafukufuku weniweni sakwiya ndi mafunso amenewa, kalatayo amayenda nayo m'chikwama.

4. Fomu ya chilolezo muziiwerenga yonse kwa amene mukuwafunsa, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, osadumpha. Agogo akakana kuyankha, akana basi. Musawanyengerere ndi zoti kukubwera thandizo pamene simunauzidwe choncho.

5. Wokhala ndi chikaiko pa bungwe kapena munthu abweretse chimene waona kwa atsogoleri, maso ndi maso. Voisi yotchula dzina la munthu kuti ndi kazitape tizichotsa m'gulu nthawi yomweyo, ndipo woitumiza tizimufunsa kumene anaitenga. Palibe membala wa gulu lino amene adzagwire, kutsekereza kapena kuopseza wa kafukufuku.

Kwa akuluakulu a UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST yomwe ili pafupi nafe pa Ndata, pempho lathu ndi losavuta. Chaka chilichonse ikani poyera mndandanda wa onse amene apereka ndalama za kafukufuku ndi masikolashipu: dzina, kuchuluka kwa ndalama, ntchito yake, ndi amene adzakhale mwini wa data. Ngati pali ndalama yochokera kuunduna wa chitetezo wa dziko lililonse, kuphatikizapo lathu, ilembedwe choncho. Mabungwe a kafukufuku amene amalangiza boma pa mfundo achitenso chimodzimodzi, chifukwa munthu amene akutiuza mmene tiyendetsere dziko tiyenera kudziwa amene akumudyetsa. Izi sitikupempha ngati chifundo. Lamulo la ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo mayunivesite a boma amayendera misonkho imene amayi athu othyola tiyi amadulidwa pogula sopo ndi shuga. Tilemba makalata motsata lamuloli, ndipo yankho lililonse, kapena kukhala chete kulikonse, tidzakuuzani pagulu pano. Amene angatikanize tidzakawadandaulira ku Malawi Human Rights Commission, yomwe ndiyo imayang'anira lamuloli.

Kwa mafumu athu, tikupempha mwaulemu kuti mlendo wa kafukufuku akafika pabwalo, muzimulandira monga mwa mwambo, kenako muzimufunsa kalata ndi dzina la womutuma musanaitanitse anthu.

Amene mungathe kuthandiza kulemba makalata aja, makamaka amene munaphunzira za malamulo ndi za chuma, uzani mtsogoleri wa dera lanu sabata ino isanathe. Tumizani uthengawu wonse, osadula, kwa mnzanu aliyense amene akudikira kuitanidwa kuganyu wa tabuleti.

Ife anzanu,
Achinyamata a ku Mulanje