Amene Amati Chichewa N'chosauka Afunse Kumene Kunachokera "Library"

Pali mwano wina umene ndatopa nawo. Ukangoyamba kukamba zolemba mabuku m'Chichewa, sipalephera kudzuka munthu wa tayi pakhosi n'kunena kuti chinenero chathu n'chosauka. Umboni wake? Akuti mawu oti buku, pepala ndi laibulale tinachita kupempha kwa Angerezi, ndiponso tilibe mawu osiyanitsa kuwerenga kalata ndi kuwerenga mbuzi m'khola.

Chabwino. Tiyeni tivundukule mphika wa Angereziwo tione chimene chilimo.

Mawu oti "read" m'Chingerezi chakale anali "rædan", ndipo ankatanthauza kulangiza kapena kumasulira chinthu chobisika. Mawu awo a ndagi, "riddle", ndi mphukira ya chitsa chomwecho. Ndiye kuti kwa makolo awo kuwerenga sikunkasiyana kwenikweni ndi zija timachita pamoto madzulo. "Write" anali "writan", kukanda kapena kugoba pamtengo ndi pamwala. "Book", amene ife tinamusandutsa buku, akatswiri ambiri amamugwirizanitsa ndi mtengo wa ku Ulaya wotchedwa "beech".

Amenewa ndi awoawo. Enawo anabwereka, ndipo sanabweze. William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinakhala chinenero cha mafumu ndi mabwalo a milandu, ndipo mawu ankhaninkhani analowa m'Chingerezi kudzera pakhomo limenelo. "Library" analowa m'zaka za m'ma 1300, koma gwero lake ndi mawu a Chilatini oti "liber", khungwa la m'kati mwa mtengo, lofanana ndi lija timasenda tikafuna luzi. Nyumba yonse yamabuku, dzina lake khungwa! "Pen" ndi "penna", nthenga ya mbalame basi. Koma amene amandikomera kwambiri ndi "paper". Anachokera ku "papyrus", chomera chimene Aigupto ankadula m'mbali mwa Nile n'kupanga polembapo. Ife timachitcha gumbwa, ndipo chimameranso m'madambo a mtsinje wa Shire. Tsono tikamati pepala tikubwereka chiyani, popeza chomeracho n'cha mu Africa muno?

Sindikukana kuti mabuku a Chichewa ndi ochepa. N'zoona, ndipo zimandipweteka. Koma mlandu umenewo ndi wa ife olemba, osindikiza ndi ogula. Tisaukankhire kwa mawu.

Yatsala ija ya mbuzi m'khola. Aroma, amene a tayi aja amawalemekeza kwambiri, ankati "legere" potanthauza kuwerenga komanso kutola, monga potola zipatso. M'menemo ndi mmene munatuluka "lecture" ndi "lesson". Naye "tell", amene lero amatanthauza kuuza kapena kusimba nkhani, kale ankatanthauzanso kuwerengetsa zinthu chimodzichimodzi. N'chifukwa chake munthu wowerenga ndalama pawindo la kubanki amatchedwa "teller" mpaka lero, ndipo bwana wa tayi uja amaima pamzere wake mwezi ukatha, osadandaula kuti Chingerezi chasokoneza nthano ndi makwacha.