Mlandu wa Biafra Sunaole: Kodi Nkhondo ya mu 1967 Ikanapewedwa?

Pa 20 November 2025, khoti la boma mumzinda wa Abuja ku Nigeria linalamula kuti a Nnamdi Kanu akhale m'ndende moyo wao wonse pa milandu ya ucigawenga. A Kanu ndi mtsogoleri wa gulu la IPOB, limene lifuna kuti dera la kum'mwera cakum'mawa kwa Nigeria, kwao kwa anthu a mtundu wa Igbo, lipatuke ndi kukhala dziko palokha lochedwa Biafra. Dzinali si latsopano. Kuyambira mu July 1967 kufika mu January 1970, anthu a ku Nigeria anamenyana nkhondo yapaciweniweni pa nkhani yomweyi. Akatswiri a mbiri yakale amasiyana pa ciwerengero ca anthu amene anafa: ena amati 500,000, ena amati mamiliyoni awiri kapena kuposa apa. Ambiri anali ana, ndipo cinawapha ndi njala.

Ciweruzoci cadzutsanso funso lakale: kodi nkhondo ija ikanacedwetsedwa, kapena kupewedwa kumene? Tikaona mmene zinthu zinayendera m'miyezi 18 nkhondo isanayambe, yankho ndi lakuti ikanapewedwa. Mipata inalipo. Inatayika pa zifukwa ziwiri: magazi amene anakhetsedwa popanda womangidwa, ndi pangano limene linasainidwa koma panalibe woliyang'anira.

Magazi a mu 1966

Nigeria analandira ufulu pa 1 October 1960 ali ndi zigawo zitatu zamphamvu: ca kumpoto, ca kumadzulo ndi ca kum'mawa. Cacinai, ca Mid-West, cinabwera mu 1963. Cigawo ciliconse cinali ndi boma lake ndi cipani cake, ndipo ciliconse cinali kuopa kulamulidwa ndi cinzake.

Pa 15 January 1966, asilikali acinyamata otsogozedwa ndi a Chukwuma Nzeogwu ndi a Emmanuel Ifeajuna anayesa kulanda boma. Anapha nduna yaikulu ya dziko, a Abubakar Tafawa Balewa, mtsogoleri wa kumpoto, a Ahmadu Bello, ndi mtsogoleri wa kumadzulo, a Samuel Akintola, pamodzi ndi akuluakulu ena a asilikali. Ambiri mwa oukirawo anali Aigbo, ndipo mtsogoleri wa kum'mawa sanakhudzidwe. Amene anatenga ulamuliro, mkulu wa asilikali a Johnson Aguiyi-Ironsi, naonso anali Mwigbo. Iwo sanali m'gulu la oukira, ndipo anawatsekera m'ndende, koma sanawazenge mlandu. Apa ndipo mpata woyamba unataika. Anthu a kumpoto anaona kuti atsogoleri ao aphedwa ndipo palibe amene wayankhapo.

Pa 24 May, a Ironsi anakhazikitsa lamulo lochedwa Decree 34, lothetsa zigawo ndi kuika mphamvu zonse m'manja mwa boma lalikulu. Kumpoto analimva monga njira yakuti Aigbo, amene ambiri anali ophunzira, adzaze maofesi a boma kumeneko. Patangopita masiku ocepa, Aigbo okhala m'mizinda ya kumpoto anayamba kuphedwa. Pa 29 July asilikali a kumpoto anabwezera: anapha a Ironsi ku Ibadan ndi asilikali ambiri a kum'mawa, ndipo a Yakubu Gowon, a zaka 31 cabe, anakhala mtsogoleri wa dziko.

Pali cinthu cimene ambiri amaiwala. Oyamba kufuna kupatuka m'caka cimeneco anali a kumpoto. Asilikali amene anacotsa a Ironsi anafuna kucoka mu Nigeria, ndipo anawabweza ndi akuluakulu a m'maofesi a boma pamodzi ndi akazembe a Britain ndi America. Izi zitiuza kuti maganizo opatuka akhoza kusintha ngati anthu aona kuti kukhala pamodzi sikuwaika pangozi.

Aigbo sanapatsidwe citsimikizo cotero. Kumapeto kwa September ndi kumayambiriro kwa October, kupha kunayambiranso kumpoto, ndipo ku Kano asilikali a boma anatengako mbali. Amene anafa amawerengedwa pakati pa 8,000 ndi 30,000. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira kum'mawa, atasiya nyumba, masitolo ndi nchito zao. Kum'mawa nakonso anthu ena a kumpoto anaphedwa pobwezera. Boma silinazenge mlandu amene anatsogolera kuphako. Munthu amene wafika pamudzi ndi katundu pamutu, mbale wake atamusiya m'manda osadziwika, sangamve msanga mau akuti dziko ndi limodzi.

Pangano la ku Aburi

Bwanamkubwa wa cigawo ca kum'mawa, a Chukwuemeka Odumegwu Ojukwu, anakana kuvomereza a Gowon monga mtsogoleri, ndipo anali kuopa kupita ku Lagos. Conco mtsogoleri wa Ghana, a Joseph Ankrah, anaitanira mbali zonse ku Aburi pa 4 ndi 5 January 1967. Kumeneko anagwirizana zinthu zazikulu: kusagwiritsa nchito zida pothetsa mkangano, kuti nkhani zokhudza dziko lonse zizigamulidwa abwanamkubwa onse a zigawo atavomereza, kuti asilikali a m'cigawo ciliconse azikhala pansi pa bwanamkubwa wa kumeneko, ndi kuti anchito a boma amene anathawa apitirize kulandira malipiro kufika pa 31 March.

Akuluakulu amati nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo ku Aburi anapanganadi moto usanafike. Vuto linali lakuti aliyense anabwerera kwao ndi tanthauzo lakelake. A Ojukwu anapita ku msonkhanowo atakonzeka bwino, ndipo anakhulupirira kuti apeza dziko la zigawo zodzilamulira zokha, zomangidwa pamodzi ndi cingwe cofooka. A Gowon atafika ku Lagos, alembi aakulu a maunduna anawauza kuti zimene avomereza zisiya boma lalikulu lopanda mphamvu. Boma linayamba kuzengereza. Panalibe munthu kapena bungwe lacitatu limene mbali zonse zinalipatsa mphamvu yonena kuti pangano litanthauza izi, ndipo wapatuka ndi uyu.

Pa 17 March boma linatulutsa Decree 8. Lamuloli linapatsa zigawo mphamvu zambiri zimene anagwirizana ku Aburi, kuposa zimene cigawo ciliconse ca Nigeria cakhala nazo kucokera nthawi imeneyo. Koma munali ndime imodzi yolola boma kulengeza kuti cigawo cili pangozi ndi kucilowerera, ngati abwanamkubwa atatu mwa anai avomereza. A Ojukwu anaona kuti atatuwo angagwirizane tsiku lililonse kuukira kum'mawa, ndipo anakana lamulo lonse.

Apa ndi pamene mbali zonse ziwiri zili ndi mlandu. Boma likanacotsa ndime ija, kapena kuisiya kuti ikakambidwenso, silikanataya cinthu cacikulu. A Ojukwu akanalandira zimene anapatsidwa ndi kupitiriza kukangana pa ndime imodziyo, anthu ao akanakhala ndi asilikali ao, apolisi ao ndi boma lao popanda kuwombera mfuti.

Kodi kucedwetsa cabe kukanathandiza?

Zotsatira zinabwera mofulumira. Kumapeto kwa March, boma la kum'mawa linalamula kuti misonkho yonse yotoleredwa m'cigawomo isapitenso ku Lagos. Boma lalikulu linayankha ndi kutseka njira za malonda. Mu May, mtsogoleri wa Ayoruba, a Obafemi Awolowo, anatsogolera nthumwi ku Enugu kukayesa kuyanjanitsa, koma sizinaphule kanthu. Pa 27 May a Gowon anagawa dziko m'zigawo zatsopano 12, ndipo kum'mawa kunadulidwa patatu. Pa 30 May a Ojukwu analengeza dziko la Biafra. Pa 6 July mfuti zinayamba kulira.

Kugawa kum'mawa patatu kunavumbula nkhani ziwiri zimene ofuna Biafra sanaziyankhe mokwanira. Yoyamba ndi mafuta. Kampani ya Shell-BP inapeza mafuta ku Oloibiri mu 1956, ndipo zitsime zambiri zinali kum'mawa. Boma la Lagos, ndi Britain yemwe, sakanalola cuma cimeneco kucoka mosavuta. Yaciwiri ndi mitundu ing'onoing'ono. Mafutawo kwenikweni anali m'madera a Aijaw ndi Aogoni, ndipo iwo pamodzi ndi Aefik ndi Aibibio anali kuopa kulamulidwa ndi Aigbo monga mmene Aigbo anali kuopera a kumpoto. Ambiri a iwo anakondwera kupatsidwa zigawo zao. Wopatuka amapeza kuti m'nyumba mwake mulinso wina wofuna kupatuka.

Cifukwa cake kucedwetsa cabe sikukanapulumutsa anthu. Miyezi isanu ndi umodzi ya pakati pa Aburi ndi nkhondo inali kale nthawi yocedwetsa, ndipo mbali zonse zinaigwiritsa nchito kulemba asilikali ndi kufunafuna zida. Aliyense anali kuganiza kuti adzapambana m'masabata ocepa. Boma linacha nkhondoyo nchito ya apolisi. Nthawi ikanathandiza kokha ngati ikanadzazidwa ndi zinthu zooneka: kumanga opha anthu, kulipira othawa, ndi kulemba bwino tanthauzo la pangano pamaso pa mboni.

Ku Sudan kuli citsanzo ca zimene mboni zingacite. Mu 1972 bungwe la mipingo pa dziko lonse, World Council of Churches, ndi la mipingo ya mu Africa, AACC, anathandiza kuyanjanitsa boma la Khartoum ndi zigawenga za kum'mwera ku Addis Ababa. Kum'mwera kunapatsidwa boma lakelake mkati mwa Sudan, ndipo mtendere unakhala zaka 11. Unatha mu 1983 pamene a Jaafar Nimeiri anaphwanya panganolo. Pangano lopatsa cigawo mphamvu limagwira nchito, koma limakhala ndi moyo pokhapo wamphamvu akalisunga.

Nkhondo itayamba

Ngakhale mfuti zitalira, nkhondo ikanafupikitsidwa. Enugu inagwa mu October 1967, mwezi womwewo asilikali a boma anapha amuna ndi anyamata mazanamazana ku Asaba. Port Harcourt inagwa mu May 1968, ndipo Biafra inatsala yopanda doko. Kucokera apo zinali zoonekeratu kuti singapambane ndi zida. Zokambirana za ku Kampala, Niamey ndi Addis Ababa mu 1968 zinalephera pa mfundo imodzi: boma linafuna kuti Biafra iyambe yasiya zopatuka, Biafra inafuna kuti nkhondo iyambe yaima. Britain ndi Soviet Union anapatsa zida boma, France anathandiza Biafra, ndipo aliyense anapeza cifukwa copitirizira.

Dziko lathu linatengako mbali. Pa 20 May 1968 boma la a Kenneth Kaunda linavomereza Biafra monga dziko, kutsatira Tanzania, Gabon ndi Côte d'Ivoire, ngakhale bungwe la OAU linali litagwirizana mu 1964 kusunga malire amene atsamunda anasiya. Mipingo nayo inalowererapo. Bungwe la Joint Church Aid, la Akatolika ndi Apulotesitanti pamodzi, linanyamula cakudya ndi mankhwala pa ndeke usiku kucokera pa cisumbu ca São Tomé kukatera pa mseu wa ku Uli, maulendo oposa 5,000. Ana ambiri anapulumuka. Koma mpaka lero pali mtsutso wakuti thandizolo, pamodzi ndi ciyembekezo cimene maiko anai aja anapereka, linatalikitsa nkhondo imene inali italuzika kale. Mtsutso umenewu ndi wowawa, ndipo uonetsa kuti nchito yaikulu ya mpingo ili nkhondo isanayambe. A Gowon anali mwana wa mlaliki wa mpingo wa Anglican. A Akanu Ibiam, mmodzi wa akuluakulu a Biafra, anali wa mpingo wa Presbyterian ndiponso mmodzi wa apulezidenti a World Council of Churches. Akhristu anali mbali zonse ziwiri, koma ku Aburi kunali asilikali ndi akuluakulu a apolisi okha oyankhula.

Zimene zatsala lero

Nkhondo inatha pa 15 January 1970. A Gowon analengeza kuti palibe wopambana kapena wogonja, ndipo kunalibe kupha kwa cibwezero kumene ambiri anali kuopa. Komabe mabala ena sanatsukidwe. Anthu ambiri amene anali ndi ndalama za Biafra m'mabanki anapatsidwa mapaundi 20 cabe. Nyumba za Aigbo ku Port Harcourt zinachedwa katundu wosiyidwa ndipo zambiri sizinabwezedwe. Bungwe la woweruza Chukwudifu Oputa, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kufufuza nkhanza zakale, linapereka lipoti lake mu 2002, koma boma silinalitulutse kwa anthu. Kucokera mu 1970 palibe Mwigbo amene wakhala mtsogoleri wa dziko.

M'nthaka yotereyi ndi mmene IPOB inamera. Bungwe la Amnesty International linanena kuti asilikali ndi apolisi anapha anthu osacepera 150 ocirikiza Biafra pakati pa August 2015 ndi August 2016. Mbali inayo, mu August 2021 anthu a m'derali anayamba kukakamizidwa kukhala m'nyumba Lolemba lililonse, misika ndi masukulu zili zotseka, ndipo ena amene anatuluka anaphedwa ndi zigawenga za kwao komweko. Ovutika ndi Aigbo wamba. Ciweruzo ca ku Abuja cinagamula mlandu wa munthu mmodzi kukhoti, koma madandaulo amene anamupatsa otsatira akali pomwepo.

Kuno kwathu tili ndi pangano lathu limene mbali ziwiri zimaliwerenga mosiyana. Barotseland Agreement inasainidwa ku London pa 18 May 1964 ndi a Kaunda, a Litunga Mwanawina Lewanika ndi nduna ya Britain, ndipo inathetsedwa posintha malamulo a dziko mu 1969. Pa 14 January 2011 anthu anafa ku Mongu pa nkhaniyi. Zambia si Nigeria wa mu 1966, ndipo tiyamika kuti sitinaone kuphana kwa mitundu. Koma mlandu suola. Nthawi yabwino yokhala pansi, pamaso pa mboni zimene mbali zonse zimakhulupirira, ndi pamene anthu akali kukangana pa tanthauzo la mau a pa pepala.