Browser ikakana kuwerenga fayilo yanu, musathyole chitseko

Mwezi watha ndinayamba kupanga tsamba losonyeza mapulogalamu a pa wailesi yathu. Mayina a mapulogalamu ndi nthawi zake ndinazilemba mu fayilo ya JSON, n'kuiika mu foda imodzi ndi index.html. Nditadina kawiri, tsamba linatseguka lopanda kanthu. Mu console ya Chrome munali mawu ofiira okamba za CORS. Ndinakwiya. Mafayilo ndi anga, laputopu ndi yanga, nanga wondiletsa ndani?

Lero ndikuti browser inachita bwino kundikana, ndipo anzanga amene mukuphunzira coding musafulumire kuichotsa chitetezo.

Mukadina fayilo kawiri, adiresi yake imayamba ndi file:// m'malo mwa http://. Browser imaona fayilo iliyonse yotsegulidwa motere ngati mlendo, ndipo fetch() siloledwa kuwerenga mafayilo ena oyandikana nayo. Firefox nayo inakhwimitsa lamuloli mu 2019, pa version 68.

Chifukwa chake n'chomveka. Ganizani kuti munthu wakutumizirani fayilo ya HTML pa WhatsApp, akuti ndi fomu ya ntchito. Mwaitsegula kuchokera mu Downloads, momwe muli chithunzi cha NRC yanu, CV ndi statement ya ku banki. Popanda lamuloli, kafayilo kameneko kakanatha kuwerenga mafayilo amene kakudziwa mayina ake n'kuwatumiza kwa mwini wake inu osadziwa.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi malangizo ofala akuti yatsani Chrome ndi --disable-web-security kapena --allow-file-access-from-files. Inde, tsamba lidzagwira ntchito lero. Mawa mudzaiwala, n'kulowa pa Facebook ndi pa imelo ndi browser yomweyo chitseko chili chotsegula. Komanso mudzakhala mukuyesa tsamba lanu mosiyana ndi momwe anthu ena adzalionere.

Ena amati server imafuna ndalama ndi ma bundle. Ayi. Ngati muli ndi Python 3, tsegulani terminal mu foda ya ntchito yanu n'kulemba python -m http.server 8000. Kenako pitani pa localhost:8000. Zonse zikuchitika mkati mwa kompyuta yanu, intaneti siifunika. Ine ndinamaliza tsamba lija nthawi ya load shedding, router itazima, laputopu ikudalira batire. Ogwiritsa ntchito VS Code angaike Live Server, imachita zofanana. Mukamaliza, dinani Ctrl+C kuti server izime, makamaka ngati muli pa Wi-Fi ya anthu ambiri.

Ndikuvomera, kwa woyamba kumene terminal imaopsa, ndipo uthenga wa CORS sumveka bwino. Koma mzere umodzi uwo mudzaugwiritsa ntchito zaka zambiri, ndipo umakuphunzitsani msanga momwe browser ndi server zimakambirana. Tsamba la wailesi yathu tsopano likusonyeza mapulogalamu onse, ndipo chitetezo cha Chrome yanga sindinachikhudze.